Laputopu yatsopano yandisandutsa mlendo: ndibwerere ku Windows 7?

Mayi wina wa ku Katete walemba kuti: "Ndili ndi kashopu kotaipa makalata, kupanga fotokope ndi kusindikiza pano pa boma. Kwa zaka zambiri ndagwira ntchito pa kompyuta ya Windows 7, moti ndinkatha kutaipa CV ya munthu uku ndikucheza naye. Mwana wanga wa ku Lusaka wanditumizira laputopu ya Windows 11, koma yandisandutsa mlendo m'shopu yanga yomwe. Batani la Start lili pakati, ndikadina kumanja kwa mausi sindikuona Copy ndi Paste, makalata ndikasunga sindiwapeza, pulinta yanga yakale yakana, ndipo bandulo ikutha ngakhale sindinatsegule kanthu. Ndilinso ndi kompyuta ina ya Windows 10 imene ikulemba kuti thandizo lake linatha. Mnyamata wina wokonza mafoni akuti andiikire Windows 7 mu laputopuyi. Ndivomere? Nanga n'chifukwa chiyani amangosinthasintha zinthu zoti sizinawonongeke?"

Amayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Laputopu yanu ili bwinobwino, ndipo inu simunakalambire kompyuta. Dandaulo limeneli ndimalimva kawirikawiri kuno ku Chipata, ndipo amene amabwera nalo ndi anthu odziwa ntchito: makalaliki a m'masukulu, alembi a makopaletivi a alimi, eni mashopu ngati inu. Wongoyamba kumene alibe chimene anazolowera, amangolandira chimene wapeza. Inu dzanja lanu linaloweza njira, limapita lokha pakona yakumanzere mutu usanaganize, ndiye likafika n'kupeza palibe kanthu ntchito yonse imaima. Zili ngati mlamu wabwera kudzakonza m'khitchini inu mutachokapo: mchere ulipo, mthiko ulipo, koma chilichonse chili pena, nsima n'kumapserera inu mukufunafuna.

Ku Windows 7 musabwerereko, ndipo zifukwa ndizifotokoza. Zimene zikukupwetekani mutu lero zambiri zimakonzeka m'mphindi zochepa. Zimene zikundidetsa nkhawa ine ndi zosintha zina zimene simunazitchule chifukwa sizionekera pa sikirini, koma zingathe kukutayitsani makalata a makasitomala.

Tiyambe ndi funso lanu lomaliza. Batani la Start linabwera ndi Windows 95 m'chaka cha 1995, ndipo linakhala pakona yakumanzere m'munsi kudutsa Windows XP ya 2001, Vista ya 2007, mpaka Windows 7 ya 2009. M'badwo wonse umene unaphunzira kompyuta m'zaka zimenezo unakula ukudziwa kuti zonse zimayambira pakona ija. Kenako mafoni ndi matabuleti okhudza ndi chala atafala, a Microsoft anaona ngati kompyuta nayonso ikulowera komweko. Mu 2012 anatulutsa Windows 8, batani la Start n'kulichotseratu, m'malo mwake n'kuika timabokosi tamitundumitundu todzaza sikirini yonse, toyenera chala kuposa mausi. Ngakhale pozimitsira kompyuta anapabisa kumbali, moti ambiri ankangokanikiza batani lamoto mpaka izime. Anthu anadandaula kwambiri. Patangotha chaka, Windows 8.1 inabwezera batanilo, ndipo Windows 10 ya mu Julayi 2015 inabwezera menyu yake. Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, ndi imene yalikokera pakati.

Zifukwa zake n'zosakanikirana. Masikirini a masiku ano ndi otambalala, ena ndi okhudza ndi chala, ndipo opanga amati zinthu zikakhala pakati zimakhala pafupi ndi maso. Ine pamenepa sindigwirizana nawo. Ubwino wa pakona ndi woti mausi ukaikankhira kumeneko imakaima yokha, sufunika kuyang'ana. Pakati uyenera kulunjika, ndipo batanilo limasendera uku ndi uku malinga ndi kuchuluka kwa mapulogalamu amene watsegula. Chifukwa china ndi chitetezo, ndipo chimenecho n'chomveka. Chinanso, tisabisane, ndi malonda: kampaniyi imafuna kuti mukhale ndi akaunti yawo, muzisunga zinthu kwa iwo pa OneDrive, ndipo malo akachepa muzilipira mwezi ndi mwezi. Palinso ntchito imene anaiyamba osaimaliza. Kuyambira pa Windows 8 akhala akusamutsa zinthu kuchoka mu Control Panel kupita mu Settings, ndipo mpaka lero zonse ziwiri zilipo, n'chifukwa chake munthu amasowa kuti alowere khomo liti. Musaganize kuti ndi Windows yokha. A Apple anasanduliza pokonzera zinthu pa makompyuta awo mu 2022, ndipo Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, inasintha maonekedwe onse mu 2011 n'kudzawasiyanso mu 2017.

Tsopano tikonze. Dinani kumanja kwa mausi pa kamzere kam'munsi kaja, musankhe Taskbar settings, mutsike mpaka pa Taskbar behaviors, ndipo pa Taskbar alignment musinthe Center ikhale Left. Batani labwerera kwawo. Mukadali pomwepo, zimitsani Widgets, kamene kamabweretsa nkhani ndi zanyengo zimene simunapemphe komanso kamadya bandulo. Mapulogalamu amene mumagwiritsa ntchito tsiku lililonse, monga Word ndi ya sikana, atseguleni, mudine kumanja pa kachithunzi kake m'munsimo, musankhe Pin to taskbar kuti azikhala pomwepo. Ngati zilembo zikuoneka zing'onozing'ono, monga zimakhalira pa malaputopu ambiri atsopano, lowani mu Settings, Accessibility, Text size, mukulitse mpaka maso apume.

Copy ndi Paste sizinachoke. Anazisandutsa tizithunzi ting'onoting'ono tokhala pamzere umodzi pamwamba kapena pansi pa menyu ija: sizasi ndiye Cut, mapepala awiri ndiye Copy, kabini ndiye Delete. Poyamba tinalibe ngakhale mayina, ndipo anadzawonjezera mayinawo mu mtundu wa Windows 11 wotchedwa 24H2. Menyu yakale yonse ikadalipo, ili kuseri kwa mawu akuti Show more options, kapena gwirani Shift podina kumanja ndipo ituluka mwachindunji. Kusintha kumeneku ndimakuona ngati kolakwika, chifukwa kwawonjezera kudina kumodzi pa ntchito imene munthu ngati inu amaichita tsiku lonse.

Koma malangizo amene ndimapatsa aliyense amene ndimamuphunzitsa ndi akuti asamadalire kwambiri malo a zinthu pa sikirini, chifukwa malo ndi amene amasintha. Mabatani a pa kiyibodi akhala chimodzimodzi kuyambira kalekale. Ctrl ndi C imakopera, Ctrl ndi V imamata, Ctrl ndi Z imabweza chimene mwalakwitsa, Ctrl ndi P imasindikiza, F2 imasintha dzina la fayilo, Alt ndi Tab imakudumphitsani kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina. Batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows mukalikanikiza pamodzi ndi E limatsegula mafoda, pamodzi ndi L limatseka sikirini mukatuluka kukagula ndiwo kuti kasitomala asaone za mnzake. Choposa zonsezi, kanikizani batani la Windows lokha n'kuyamba kutaipa dzina la chimene mukufuna, kaya ndi Word, Control Panel, printers kapena dzina la kalata. Kufufuza kotereku kunayamba ndi Vista, ndipo kunalipo ngakhale mu Windows 8 muja munalibe batani. Amene anazolowera zimenezi savutika mtundu watsopano ukabwera.

Tinenenso chilungamo, zina zatsopano n'zabwino pa ntchito yanu. Posindikiza mupeza pulinta yotchedwa Microsoft Print to PDF, imene imasandutsa chilichonse kukhala PDF popanda pulogalamu ina, ndipo zimenezi zimathandiza amene akutumiza makalata ofunsira ntchito pa intaneti. Batani la Windows ndi V limakumbukira zinthu zingapo zimene mwakopera, osati chomaliza chokha. Windows, Shift ndi S zimajambula kachigawo ka sikirini, monga risiti ya pa intaneti. Pulogalamu yolimbana ndi mavairasi, Windows Security, imabwera ili kale m'katimo, simufunika kugula ina.

Nkhani ya makalata osowa ndi imene ndikufuna tiimepo pang'ono. Windows 11 poikonza koyamba imafuna intaneti ndi akaunti ya Microsoft, ndipo nthawi zambiri imatenga mafoda a Desktop, Documents ndi Pictures n'kuwalumikiza ku OneDrive, kumene ndi kusunga zinthu pa makompyuta a kampaniyo kudzera pa intaneti. Word nayo, ngati ndi yatsopano, imakonda kuloza komweko posunga. Ndiye mumasunga kalata mukuganiza kuti ili mu Documents yanu yakale, pamene yalowa mu foda ina ya dzina lomwelo pansi pa OneDrive. Tsegulani mafoda muyang'ane kumanzere, mupeza kachithunzi ka mtambo wabuluu, makalata anu ambiri ali m'menemo. Fayilo yokhala ndi kamtambo pambali ndiye kuti ili pa intaneti pokha ndipo siitseguka netiweki ikavuta, yokhala ndi kachizindikiro kobiriwira ili mu laputopu. Malo aulere ndi 5 GB, akadzaza imayamba kukuvutitsani ndi mauthenga oti mugule ena.

Kwa munthu wosunga zithunzi za banja, OneDrive ndi yothandiza, chifukwa laputopu ikabedwa zinthu zimatsala. Kwa inu pali mbali ina. Mumasikana ma NRC a anthu, masetifiketi a Grade 12, mapepala a TPIN, makalata a kubanki. Ngati laputopuyi inakonzedwa ndi akaunti ya mwana wanu, zonsezi zikupita mu akaunti yake, ndipo angathe kuziona ali ku Lusaka. Iye sangachite nazo choipa, koma eni ake sanavomere zimenezo, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021. Pangani foda yanu ya makasitomala kunja kwa OneDrive, mwachitsanzo mwachindunji pa C. Mu Word, lowani File, Options, Save, muchonge pa Save to Computer by default, ndipo posunga muzikanikiza F12, imene imatsegula bokosi lakale lija losankhira malo. Chenjezo limodzi: musathamangire kufufuta zimene zili mu OneDrive poganiza kuti ndi makope chabe, chifukwa chimene mwafufuta mbali imodzi chimafufutikanso mbali inayo. Yambani mwakopera zonse ku foda yatsopano ndi pa fulashi, mutsimikize kuti zikutseguka.

Bandulo ikuthera komweko, komanso ku maapudeti. Windows 10 ndi 11 zinapangidwa ngati kuti aliyense ali ndi intaneti yosatha, pamene ife timagula ya tsiku kapena ya sabata. Mukalumikiza ku hotspot ya foni, lowani Settings, Network & internet, Wi-Fi, mudine dzina la netiweki yanu, muyatse Metered connection. Pamenepo mwaiuza kompyuta kuti intaneti iyi ndi yogula moyeza, ndipo imaleka kutsitsa zinthu zikuluzikulu mwakachetechete. Ngati mumalumikiza foni ndi chingwe cha USB, kompyuta imaiona ngati Ethernet, choncho muyatsenso kumeneko. Pansi pa Advanced network settings pali Data usage, pamene pamaonetsa pulogalamu imene yadya zambiri. Komabe maapudeti musawatsekeretu. Achitetezo amatuluka pa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndiye sankhani tsiku limodzi pamwezi, mugule bandulo yokulirapo, muwalole alowe batire ili yodzaza. Pa kompyuta yapatebulo yopanda batire, musayambe apudeti nthawi imene malaiti amakonda kupita, chifukwa kuzima pakati pa ntchito imeneyo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimabweretsa makompyuta kwa ife atakana kuyaka.

Pulinta nthawi zambiri imakhala ilibe vuto. Chimene chikusowa ndi kapulogalamu kolumikizitsa pulinta ndi kompyuta, kamene timati diraiva. Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha, ndiye ngati Windows 7 yanu inali ya 32-bit, diraiva ya pa CD yakale siigwira. Lembani dzina ndi nambala ya pulintayo ndendende, mupite pa tsamba la kampani imene inaipanga, osati masamba ena odzaza ndi mabatani a Download, mufufuze ya Windows 11. Ikasowa, ya Windows 10 ya 64-bit kawirikawiri imagwira. Dziwaninso kuti Metered connection ija imaletsa Windows kudzitsitsira yokha madiraiva, choncho poika pulinta muizimitse kaye. Mu Printers & scanners zimitsani Let Windows manage my default printer, apo ayi izingosankha pulinta imene mwagwiritsa ntchito pomaliza, n'kumadabwa kuti pepala silikutuluka. Ngati zonse zakanika, pulintayo isiyeni pa kompyuta yakale, muzisunga ntchito ngati PDF n'kupita nayo pa fulashi yanuyanu.

Nanga bwanji osangovomera za mnyamata uja? Choyamba, laputopu yatsopano sinapangidwire Windows 7. Madiraiva ake kulibe, ndiye mungapeze Wi-Fi, mapoti a USB kapena pokhudzira chala zasiya kugwira. Chachiwiri, a Microsoft anasiya kutulutsa zotseka mabowo a chitetezo a Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, yomaliza kugwira pamenepo ndi 109, ya kumayambiriro kwa 2023, ndipo masamba ngati a ZRA, NAPSA kapena a mabanki sadzadikira pulogalamu yakale mpaka kalekale. Kuti muone kuopsa kwake, mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inatseka mafayilo pa makompyuta m'maiko ambiri, kuphatikizapo a m'zipatala za ku England, ndipo inalowa pa bowo limene chotsekera chake chinali chitatuluka kale mu Malichi, kungoti anthu sanachiike. Pa Windows 7 lero zotsekera mabowo atsopano sizibweranso n'komwe. Shopu ngati yanu imalandira mafulashi a anthu osiyanasiyana tsiku lililonse, ndipo ndi mmene mavairasi amayendera kwambiri kuno. Chachitatu, Windows 7 imene akuikireniyo idzakhala yokopera, yotsegulidwa ndi tipulogalamu tosadziwika kumene tinachokera, pamene laputopu yanu mwina inabwera ndi laisensi yake yeniyeni. Pa nkhani ya mafulashi, tsegulani mafoda, View, Show, muchonge File name extensions. Mukaona fayilo ikudzitcha CV koma ikuthera ndi .exe, kapena mafoda onse a pa fulashi asanduka timivi ta shortcut, musatsegule.

Kompyuta ya Windows 10 ija siizima chifukwa cha uthengawo. Thandizo lake linatha pa 14 Okutobala 2025, kutanthauza kuti ikugwirabe ntchito koma yayamba ulendo womwe uja wa Windows 7. Yambani mwaona ngati ingakwere kupita ku 11, pogwiritsa ntchito kapulogalamu ka Microsoft kotchedwa PC Health Check. Zofunika ndi RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB, kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, ndi pulosesa yosakalamba, imene kwa Intel nthawi zambiri ndi m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. M'badwo umaonekera pa nambala: i5-7200U ndi wa 7, i5-8250U ndi wa 8. Nambala imeneyi muziiyang'ananso pogula laputopu yogwiritsidwapo kale, chifukwa zambiri zotchipa zimene zadzaza m'mashopu ndi zimene zinakanidwa ndi Windows 11 kumene zinachokera. RAM ya 4 GB ndi yongoyatsira, kuti mugwire ntchito momasuka pafunika 8 GB. Kompyuta yanu ikakwanitsa zofunikazi, kukwerako n'kwaulere. Ikalephera, a Microsoft analengeza dongosolo lotchedwa ESU la makompyuta apakhomo, lopereka maapudeti achitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026, ndipo kumeneko ndi kungogula nthawi.

Amisiri ena amadziwa kukakamiza Windows 11 pa kompyuta yosakwanira. Imayaka ndithu, koma a Microsoft salonjeza kuti izilandira maapudeti, ndipo mtundu watsopano wapachaka ukabwera mungafunike kubwereranso kwa mmisiri. Pa kompyuta yodyetsa banja sindilimbikitsa zimenezo. Njira imene ndimaikonda ndi yosavuta: ichotseni pa intaneti, ikhale yotaipira ndi yosindikizira, zonse za pa intaneti zizichitikira pa laputopu. Njira ina ndi Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, yaulere, yopepuka pa makompyuta akale, ndipo menyu yake ili pakona yakumanzere mofanana ndi Windows 7. Imabwera ndi LibreOffice m'malo mwa Word. Imatsegula makalata a Word, koma nthawi zina matebulo ndi mizere zimasendera, ndiye kwa inu amene makasitomala amabwera ndi mafayilo awo, muiyese kaye kuchokera pa fulashi, pamodzi ndi pulinta yanu, musanafufute kanthu.

Chatsala ndi chimene ndimaona chikuliza anthu kwambiri masiku ano. Malaputopu ambiri a Windows 11 amakhoma zonse za m'kati mwake ndi BitLocker, nthawi zambiri mwini wake osadziwa. Cholinga chake n'chabwino, wakuba akatulutsa disiki sangawerenge kanthu. Koma tsiku lina, pambuyo pokonzetsa kapena kusintha zina mu BIOS (pokonzera zinthu za m'kati mwa kompyuta Windows isanayake), laputopu ingathe kuyaka ndi sikirini yabuluu yofuna kiyi ya manambala 48. Kiyi imeneyo imakhala mu akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa ntchito poikonza koyamba. Ngati akauntiyo inali ya wogulitsa wa ku Lusaka amene simudzamuonanso, palibe mmisiri wa ku Katete, ku Chipata kapena kwina kulikonse amene angatulutse makalata anu. Choncho muimbireni mwana wanu sabata ino, mumufunse kuti laputopuyi ili pa imelo ya yani. Yang'anani mu Settings, Privacy & security, Device encryption. Ngati n'choyatsa, kiyiyo muilembe papepala muisunge kunyumba, osati m'chikwama cha laputopu.

Zonse zimene ndafotokoza za Start, menyu, Word ndi bandulo mungachite nokha madzulo amodzi shopu itatsekedwa. Kwa mmisiri wa makompyuta, osati wa mafoni, pitani ngati sikirini yofuna kiyi ija yatuluka, ngati akaunti ili m'dzina la munthu wosamudziwa ndipo pafunika kuyambiranso, ngati kompyuta ikungozungulira pa apudeti osafika, ngati disiki ya kompyuta yakale yayamba kulira, kapena mukafuna kuyesa Linux. Musanamusiyire, koperani mafayilo anu onse pa disiki yapadera inu mukuona. Mumuuze kuti asafomate asanakufunseni, ndipo ngati pafunika akaunti yatsopano, ikhale ya imelo ndi nambala ya foni yanu, pasiwedi mutaipe nokha.